Pasipoti Si Mphatso ya Bwana

Abale ndi alongo, makamaka inu atsogoleri a m'nthambi za Chipani ndi inu ogwira ntchito m'Boma, lero ndifuna tikambirane poyera nkhani imene ambiri a ife timaikamba monong'ona, pamene anthu wamba amaikamba mofuula m'mabasi ndi m'misika. Nkhani yake ndi ya pasipoti, kabuku kakang'ono kokwana m'thumba la malaya, koma kamene kanagonetsa amuna ndi akazi aulemu wao pakhonde la ofesi ngati anthu osowa kwao.

Aliyense amene anadutsa ku Area 4 mumzinda wa Lilongwe pakati pa chaka cha 2024 akudziwa chimene ndikunena. Pa ofesi ya nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, imene tonse timangoitchula kuti ya Immigration, mzere unkayamba kusanache. Ena ankagona pomwepo, atayala chitenje pansi ndi kutsamira chikwama, poopa kuti akapita kukafuna malo ogona adzapeza mzere utawapitirira. Ambiri mwa iwo sanali a mu Lilongwe. Panali a ku Karonga, a ku Nsanje, a ku Mangochi, anthu amene anagulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga kuti apeze ndalama ya basi, pakuti ntchito yosindikiza itayambiranso chaka chimenecho inayambira ku Lilongwe, pamene maofesi a ku Blantyre, Mzuzu ndi Mangochi anali akudikirabe. M'manja mwao munali malisiti, umboni wakuti Boma linalandira kale ndalama zao. Sanabwere kudzapempha chaulere iai. Anabwera kudzatenga chimene analipira.

Kuti tidziwe kumene tinagwera, tiyenera kubwerera pamene tinapunthwa. M'mwezi wa Malichi 2019 Boma linasaina mgwirizano ndi kampani ya Techno Brain, wa madola a ku America 60.8 miliyoni, woti ikonze makina atsopano ndi kupereka mapasipoti amakono okwana 800,000. Mapasipoti amenewa atayamba kutuluka mu 2020, mtengo wa pasipoti wamba unachoka pa K48,500 nufika pa K90,000. Anthu anadandaula, ndipo pa misonkhano yokopa anthu ya chaka chomwecho kunamveka lonjezo lakuti pasipoti idzatsika kufika pa K14,000. Lonjezolo silinakwaniritsidwe. M'mwezi wa Disembala 2021 mlangizi wamkulu wa Boma pa za malamulo wa nthawi imeneyo, a Thabo Chakaka Nyirenda, anathetsa mgwirizanowo ponena kuti sunayende m'njira yake. Kuthetsa mgwirizano wokayikitsa si chinthu choipa. Koma munthu wanzeru sagwetsa nyumba yodontha mvula ili pamutu asanazike ngakhale msasa. Panalibe wina wokonzeka kulowa m'malo, mabuku osindikizapo anayamba kuperewera, ndipo mu 2023 Boma linabwereranso kwa kampani yomwe ija kuti igwirizire ntchito kwa kanthawi.

Tsono kunadza Januwale wa 2024, makina onse anaima. Pa 21 Febuluwale Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa kompyuta alowa m'makinawo ndipo akufuna dipo, nati Boma silipereka kanthu, napatsa nthambiyo masabata atatu kuti ipeze njira yoyambiranso ntchito. Ena anatsutsa, nati panalibe wakuba aliyense koma mkangano wa pakati pa Boma ndi eni makina. Ine sindiweruza mlandu umenewo pano, chifukwa mbali iriyonse imene mungaikhulupirire, mfundo yake ndi imodzi: maina a Amalawi, zithunzi zao ndi zidindo za zala zao zinali m'nkhokwe imene makiyi ake sanali m'manja mwathu mokwanira. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo yathu inaguluka mtengo uli pakati. Ndinenepo pang'ono chodabwitsa china: m'mwezi womwewo wa Febuluwale 2024 dziko lino linachotsa lamulo la viza kwa alendo a m'maiko 79. Chitseko cholowera alendo chinatsegulidwa pamene chitseko chotulukira eni nyumba chinali chokhoma.

M'mwezi wa Malichi ntchito inayambiranso mothandizidwa ndi kampani ya kuno kwathu ya E-Tech Systems, ndipo mtengo unatsitsidwa kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, ndi lonjezo lakuti zonse zikakhazikika munthu azidikira masiku 10 okha. Mu 2025 kunasainidwa mgwirizano wina, ndi kampani ya ku India ya Madras Security Printers, wa madola 29.9 miliyoni. Onani bwino, abale, kuti nkhaniyi yadutsa m'manja mwa maboma oposa limodzi. Wina anasaina, wina anathetsa, ndipo amene anagona pakhonde ndi munthu mmodzi yemweyo. Chotero aliyense amene afuna kuigwiritsa ntchito nkhaniyi ngati chibonga chomenyera chipani chinzake ayambe wayang'ana m'manja mwake.

Ndipo ndifuna ndifike pa mtima wa nkhani, pakuti za makina ndi makampani n'zosavuta kuzikamba: palibe mmodzi wa ife amene zimamuchititsa manyazi. Mulu wa mafomu sukula ndi matsenga. Tiyerekeze kuti ofesi ilandira mafomu khumi pa tsiku koma itha kusindikiza asanu ndi awiri okha. Atatu otsalawo sasungunuka; mawa adzakhala asanu ndi limodzi, mkuja asanu ndi anai. Makina akaima miyezi iwiri, onse a miyezi imeneyo aunjikana pamwamba, ndipo mtengo ukatsika obwera atsopano achuluka. Pomwepo mabuku osindikizapo amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, zimene zinali zosowa kwambiri, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zonsezi n'zoona. Koma ngakhale mulu utakula chotani, pakadakhala chilungamo, woyamba kulipira akadakhala woyamba kulandira, ndipo munthu wa ku Chitipa akadakhala kwao akulima m'munda mwake, podziwa kuti nthawi yake ikakwana adzamva. Chimene chinawasonkhanitsa anthu ku Area 4 sichinali kuchedwa kokha. Chinali chikhulupiriro chakuti fomu yosalondoledwa ndi mwini wake, kapena yopanda womunenera, imakhala pansi pa mulu mpaka kalekale.

Kodi chikhulupiriro chimenechi anachitenga kuti? Anachitenga pa zimene maso ao ankaona. Pamene pali mzere wautali pamamera madobadoba, monga bowa amamera pachulu mvula ikagwa. Dobadoba ndi mnyamata wovala bwino amene salembedwa ntchito ndi Boma, alibe yunifolomu, alibe tebulo, koma amadziwa chitseko chirichonse. Amayandikira mai wotopa namuuza kuti, "Amai, mukapitiriza kuima apa mutha mwezi. Ndipatseni yakutiyakuti, mawa mutenga." Nthawi zina amathawa nayo ndalamayo. Koma choopsa kwambiri n'chakuti nthawi zina mawa lakelo pasipoti imatulukadi. Tsono ndikufunsani inu ogwira ntchito m'Boma: munthu wopanda kiyi angatulutse bwanji kanthu m'nyumba yokhoma, ngati m'katimo mulibe womupatsira pazenera? M'chaka cha 2024 bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB linamanga ena ogwira ntchito ku nthambiyi pamodzi ndi anthu wamba powaganizira za ziphuphu pa nkhani ya mapasipoti. Kumangidwa si kupezeka wolakwa, ndipo kuweruza ndi kwa makhoti. Koma palibe amene anadabwa atamva nkhaniyo, ndipo kusadabwa kumeneko ndiko kuyenera kutidetsa nkhawa.

Munthu amene amapeza phindu pa kuchedwa sangafune kuti kuchedwa kuthe. Kwa iye mzere ndiwo munda wake. Pasipoti ikamatuluka m'masiku 10 kwa aliyense, malonda ake atha. Ichi ndicho chifukwa chake ndikuti tingagule makina okwera mtengo chotani, ochokera ku India kapena kwina kulikonse, koma ngati dzanja losankha fomu yoyamba kusindikizidwa liri lotambasukira kuthumba la munthu, mzere udzabadwanso.

Tsopano nditembenukire kwa ife a m'Chipani, ndipo mundikhululukire, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Pali dobadoba wina amene savala ngati dobadoba ndipo salandira ndalama m'manja. Ameneyu ndi wapampando wa nthambi, mlembi wa boma, khansala, phungu, kapena mkulu wa ku Capital Hill, amene amatenga foni nati, "Bwana, ndakutumizirani mwana wa mlongo wanga, mumuthandize msanga." Kapena amalemba kakalata, kapena amatuma dalaivala ndi envelopu ya mafomu asanu ndi limodzi. Iye m'mtima mwake amati wachita chifundo, ndipo kumudzi amamutama kuti ndi munthu wothandiza. Koma makina sasindikiza buku loonjezera chifukwa cha foni yake. Buku limene walandira mphwake lachotsedwa kwa munthu wina amene analipira miyezi isanu yapitayo, amene alibe malume wa galimoto ya Boma. Wapampandoyo sadzamuona munthu ameneyo, sadzamva dzina lake, komabe wamubera. Kusiyana kwake ndi mnyamata wa pageti uja n'kwakuti mnyamatayo amadziwa kuti akuchita zoipa.

Ndiponso taganizani za kalaliki amene walandira foniyo. Malipiro ake ndi ochepa, ana ake ali pa sukulu, ndipo amadziwa kuti kukana munthu wamkulu kungamutumize kukagwira ntchito kuchipata cha kutali kumene sanakufune. Amvera. Mawa wamkulu wina aimba, amveranso. Pakutha pa mwezi waphunzira phunziro limodzi, lakuti mzere ndi wa anthu opanda pake ndipo lamulo limapindika. Tsiku limene dobadoba adzamuonetsa ndalama, adzadzifunsa kuti, ngati ndimapinda lamulo kwaulere chifukwa cha akuluakulu, ndilekerenji kulipinda chifukwa cha ana anga? Ife amene timaima pa nsanja kudzudzula ziphuphu ndife amene tinamuphunzitsa kalasi yoyamba.

Ndikudziwa chimene ena anena. Adzati, "Nanga wodwala amene madokotala amutumiza ku India kapena ku South Africa? Nanga mwana wa sukulu amene wapeza malo kunja ndipo tsiku lotsegulira layandikira? Tiwasiye afere pa mzere?" Iai, ndipo palibe munthu wamutu wake amene anganene zotero. Changu chenicheni chiripo. Koma changu chiri ndi umboni wake: kalata ya kuchipatala, kalata ya kusukulu, uthenga wa maliro. Umboni umenewo uyenera kutsegula chitseko kwa mwana wa mlimi wa ku Ntchisi mofanana ndi mwana wa Nduna, popanda wina woimba foni. Ngati wodwala sangathandizidwe pokhapokha atadziwana ndi phungu, ndiye kuti odwala onse osadziwana ndi phungu tawaweruza kale. Ndipo tinene zoona, mwa mafoni amene amaimbidwa, ndi angati amene ali a odwala? Ambiri ndi a anthu ofuna kukaona abale pa Khirisimasi.

Ena adzati anthuwa akuthamangiranji kunja, bwanji osakhala kuno n'kutukula dziko lao. Mau amenewa amakoma m'kamwa mwa munthu wolandira malipiro pa mwezi. Amalawi sanayambe lero kupita kumwera kukafuna ntchito. Agogo athu anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndipo midzi yambiri inafoleredwa ndi malata a ndalama za kumeneko. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha anthu opitirira 70, ambiri a iwo Amalawi, Boma linaimitsa ntchito yolemba anthu a ku migodi, ndipo ngakhale inayambiranso mu 1977 inadzatheratu mu 1988. Koma ulendo wa kumwera sunathe. Chinatha ndi ulendo wa dongosolo. Kuyambira pamenepo mnyamata wa ku Mzimba kapena ku Mangochi amadziyendera yekha. Mu Novembala 2023 achinyamata oposa 200 anakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo anzao ambiri anathamangira kukalembetsa mapasipoti poyembekeza mwai womwewo. Amai a geni amene amakapikula katundu ku Johannesburg, ku Dar es Salaam ndi ku Lusaka, madalaivala a magalimoto akuluakulu opita ku Beira, anamwino, aphunzitsi, onsewa pasipoti ndiyo khasu lao.

Ndipo munthu amene wadikira miyezi isanu ndi umodzi osalandira kanthu sabwerera kumudzi kukakhala pansi. Amapita ndithu, koma amapita wopanda chikalata. Amadutsa njira zachidule pafupi ndi Dedza kapena Mwanza, napyola m'chigawo cha Tete, nalowa ku Zimbabwe, nakaoloka Limpopo usiku kufupi ndi Beitbridge, ali m'manja mwa anthu amene angamulande chirichonse. Akafika amagwira ntchito ya malipiro a chipongwe chifukwa sangadandaule kwa aliyense, ndipo akagwidwa amakatsekeredwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwao. Tikamva kuti Amalawi abwezedwa kuchokera ku South Africa timapukusa mitu kuti ana a masiku ano samvera malamulo. Koma ena mwa iwo anayesa kumvera. Lisiti lao likadali m'chikwama.

Tisaiwale kuti nkhaniyi ili m'Malamulo Aakulu a dziko lino. Gawo 39 limapatsa munthu aliyense ufulu wotuluka m'dziko muno ndi kubwereramo, ndipo gawo 43 limati munthu ayenera kuchitiridwa mwachilungamo ndi maofesi a Boma ndi kuuzidwa zifukwa polemba pamene chigamulo chikukhudza ufulu wake. Ufulu wotuluka wopanda pasipoti uli ngati kupatsidwa munda koma kuletsedwa njira yopitira kumundako. Pasipoti si mphatso imene bwana amapereka kwa womusangalatsa, ndipo wolandira sayenera kuomba m'manja ndi kugwada ngati wapatsidwa mbeu yaulere.

Sindikunena kuti onse a ku Immigration ndi oipa. Ambiri ndi anthu okhulupirika amene anagwira ntchito usiku ndi masiku opuma kuti muluwo utsike, akutukwanidwa pazenera chifukwa cha zolakwa zimene zinachitikira kumwamba kwao. M'mwezi wa Juni 2024, mzere uli pachimake, Ombudsman wa dziko lino a Grace Malera anagamula kuti kusankhidwa kwa mkulu wa nthambiyo, a Charles Kalumo, sikunatsate malamulo. Ogwira ntchito ananyanyala, ndipo mkuluyo anachotsedwa mwezi womwewo. Nyumba imene akuluakulu ake akukangana siingalandire bwino alendo. Wogwira ntchito wokhulupirika afunika kutetezedwa, ndipo chitetezo chake choyamba ndi lamulo lolembedwa limene angaloze bwana aliyense woimba foni, nati, "Pepani bwana, makina salola."

Zofunika kuchita sizifuna madola mamiliyoni. Mgwirizano uliwonse ndi kampani, ya kunja kapena ya kuno, uzinena momveka kuti maina ndi zidindo za Amalawi ndi chuma cha Boma la Malawi, kuti makiyi ake azisungidwa ndi akatswiri athu, ndi kuti pazikhala nkhokwe yachiwiri yosungiramo zonse, kuti kampani ikachoka ntchito isachoke nayo. Mabuku osindikizapo aziitanitsidwa akale asanathe, monga mai wanzeru sadikira ufa kutheratu m'dengu kuti apite kuchigayo. Koma choposa zonse, ndipo chosafuna ngakhale tambala, ndi ichi: sabata iriyonse nthambiyo izilengeza pa wailesi ndi kupachika pa bolodi la ofesi iriyonse kuti tsopano tikusindikiza za anthu amene analipira tsiku lakutilakuti. Munthu wa ku Nsanje akamva kuti afika pa mwezi wa Meyi pamene lisiti lake ndi la Julaye, adzakhala kwao. Akamva kuti apitirira tsiku lake iye osalandira, adzakhala ndi funso lomveka, ndipo lamulo lopatsa anthu mwai wodziwa zochitika m'Boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, limamulola kufunsa. Pasipoti iriyonse yotuluka tsiku lake lisanafike izilembedwa m'kaundula, pamodzi ndi chifukwa chake ndi dzina la amene analamula. Ndikhulupirira kuti akuluakulu ambiri akadziwa kuti dzina lao lilembedwa, mafoni adzachepa okha.

Anthu amene anagona ku Area 4 ndi omwewo amene amaima pa mzere wina, wa tsiku loponya voti. Anasintha Boma mu 2020, nalisinthanso pa 16 Sepitembala 2025. Sindikunena kuti pasipoti yokha ndiyo inachita zimenezo, pakuti panali za mafuta, za feteleza ndi za mitengo ya zinthu. Koma munthu wakumudzi saona Boma ku Capital Hill. Amaliona pazenera la ofesi, ndipo akaona mnzake wovala nsalu ya chipani cholamula akulowera chitseko cha kumbuyo, safunikanso wina womuuza za ndale.

Chotero inu apampando ndi alembi a nthambi, sabata ino kapena ya mawa kudzabwera munthu pakhomo panu, mwina mlamu wanu, mwina mnyamata amene anakuthandizani kukhoma mbendera pa msonkhano, ndipo adzati, "Akuluakulu, mungondiimbirako foni." Muuzeni kuti akhale pansi, muone lisiti lake ndi tsiku limene analipira. Ngati ali ndi kalata ya kuchipatala kapena ya kusukulu, mulozereni kumene makalata otere amaperekedwa, ndipo ngati sadziwa kulemba mulembereni dandaulo m'dzina lake, osati m'dzina lanu. Ngati tsiku lake linapitirira kale, tengani nkhaniyo kwa phungu wanu kuti akafunse m'Nyumba ya Malamulo za onse amene analipira mwezi umenewo, osati za mlamu wanu yekha. Adzachoka atakwiya, ndipo mwina pa maliro otsatira sadzakupatsani moni.